Bwinja la Eni Pakhoma Pathu

Nkhani imene ndifuna kuti tiiganizire pamodzi lero inayambira pa mbale ya nsima. Tsiku lina m'nyengo ya mwera, titatsiriza msonkhano wa makatekisiti ku Salima, ine ndi mnzanga wina, mkulu amene waphunzitsa katekisimu zaka zambiri m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, tinatsikira ku Senga Bay kukazonda wodwala. Pobwerera tinapatukira m'nyumba ina yodyeramo alendo kuti tilawe chakudya. Pakhoma la nyumbayo panali zithunzi zonga zimene tonse tinazolowera kuona kumeneko: asodzi akukoka khoka, nkhwazi itafumbata nsomba, dzuwa likutuluka kuseri kwa chilumba cha Namalenje. Koma pakati pa zonsezo panapachikidwa chithunzi china chachikulu, chakuda ndi choyera, choikidwa m'felemu yokongola ndithu. Chinali chithunzi cha tchalitchi chogumuka: denga palibe, zipupa zathyokera pakati, njerwa zili mbwee ponseponse, ndipo pafupi ndi khomo paimirira zifanizo zamiyala za anthu oyera, zitada bii ndi moto. Pansi pake panalibe liwu lolembedwa ngakhale limodzi.

Mnzanga uja anachipenyetsetsa nthawi yaitali, kenaka anaitana mnyamata wotiperekera chakudya namufunsa kuti: "Mwana wanga, tchalitchi ichi nchakuti?" Mnyamatayo anayankha mwaulemu: "Pepani agogo, ine sindichidziwa. Abwana anachipeza pa intaneti, nakachisindikizitsa ku Lilongwe. Amati chimagwirizana ndi utoto wa khomali, ndiponso alendo amachikonda." Mkulu uja anakankhira mbale patsogolo, nati kwa ine: "Achimwene, ine nsimayi siitsika. Kuli ngati kudyera kumanda."

Ine chithunzicho ndinachizindikira, pakuti ndinali nditachionapo kale. Ndi tchalitchi cha Urakami, mumzinda wa Nagasaki, m'dziko la Japan, monga chinkaonekera nkhondo yaikulu yachiwiri itangotha. Kuyambira tsiku limenelo funso ili lakhala likundisautsa mumtima: kodi nkololedwa kwa Mkristu kutenga bwinja la anthu ena, malo amene anzathu anaferapo, nkulisandutsa chokongoletsera nyumba? Makina osindikizira zithunzi afala tsopano, ndipo aliyense wokhala ndi foni angathe kupeza chithunzi cha mzinda uliwonse wopasuka nkuchipachika pabalaza. Chifukwa chake funsoli silikhudza mwini nyumba yodyeramo uja yekha, likhudza ife tonse.

Eni ake a bwinjalo

Tisanaweruze mlandu tiyenera kuyamba tadziwa eni ake, monga zimakhalira pabwalo la mfumu. M'chaka cha 1614 olamulira dziko la Japan analetsa chipembedzo cha Chikristu, nathamangitsa ansembe. Akristu a m'midzi ya Urakami anasunga chikhulupiriro chawo mobisa kwa zaka pafupifupi 250, opanda wansembe, opanda Misa, makolo akubatiza ana awo okha ndi kuwaphunzitsa mapemphero monong'ona. Makatekisiti anzanga, taganizani za ntchito imene anthu amenewo anaigwira! Pofuna kudziwa amene anali Akristu, akuluakulu a boma ankasonkhanitsa anthu chaka ndi chaka nkuwakakamiza kuti aponde ndi phazi chithunzi cha Ambuye Yesu kapena cha Amayi Maria. M'chaka cha 1865 ena mwa Akristu obisalawo anadziulula kwa Bambo Bernard Petitjean, wansembe wa ku France. Chimwemwe chawo sichinakhalitse, pakuti posachedwa anthu opitirira 3,000 a ku Urakami anagwidwa natumizidwa kumadera akutali, kumene opitirira 600 anafera. Chiletso chitachotsedwa m'chaka cha 1873, otsalawo anabwerera kwawo ali amphawi. M'chaka cha 1895 anayamba kumanga tchalitchi chawo, ndipo malo amene anasankha anali omwe aja amene makolo awo ankapondetsedwerapo zithunzi zoyera. Anachimanga pang'onopang'ono ndi zopereka za alimi osauka, mwakuti nsanja zake ziwiri zinatha m'chaka cha 1925, zitapita zaka 30.

Pa 9 Ogasiti 1945, nthawi itangopitirira 11 koloko m'mawa, ndege ya nkhondo ya ku America inaponya bomba la atomiki, ndipo linaphulikira mamita pafupifupi 500 kuchokera patchalitchicho. Masiku amenewo Akristu ankakonzekera chaka cha Maria Wotengedwa Kumwamba, ndipo ansembe awiri pamodzi ndi Akristu amene anadza kudzalapa anafera pomwepo. Mwa Akatolika pafupifupi 12,000 a ku Urakami, pafupifupi 8,500 anatha. Mumzinda wonse wa Nagasaki anthu pafupifupi 70,000 anali atamwalira chaka chimenecho chisanathe. Amenewa ndiwo eni ake a bwinja lija linapachikidwa pakati pa nkhwazi ndi asodzi chifukwa choti ligwirizana ndi utoto wa khoma.

Maganizo a mbali ziwiri

Pobwerera ku Salima tsiku lija mnzanga anaumirira kuti chithunzi chotere chiyenera kutsitsidwa, ndipo zifukwa zake zinali zomveka. Kwathu kuno bwinja sitiseweretsa. Akulu akamadutsa ndi ana pamalo pamene panali mudzi, pamene patsala mitengo ya mango, mafuwa akuda ndi zibade za miphika, amatsitsa mawu nkuwauza kuti pano panali mudzi wa akutiakuti, anasamuka chifukwa cha nthenda, kapena chifukwa cha nkhondo ya ogula akapolo. Kumanda sitilowako chilowelowe popanda chilolezo cha mfumu. Pamudzi pakagwa maliro, khasu limagona, ndipo munthu wokadya phwando pafupi ndi siwa timamuyesa wopanda umunthu. Nanga bwanji manda a anthu 8,500, abale athu mu ubatizo, tiwaike poti alendo aziwayang'ana akumwa mowa ndi kuseka?

Komabe mwini nyumba uja, akanakhalapo, sakanasowa choyankha. Akanati: "Ine sindinaphe munthu. Chithunzi ndi pepala ndi inki basi. Anthu amene anaferawo sindinawalande kanthu, ndipo kukonda chinthu chooneka bwino si tchimo." Munthu woganiza mwakuya akanaonjezapo mfundo ina yolemera koposa, yakuti kubisa zithunzi zotere ndiko kuthandiza dziko kuiwala. Ndipotu mfundo imeneyi ili ndi mphamvu pa nkhani ya Urakami, chifukwa bwinja lenilenilo kulibe tsopano. M'chaka cha 1958 zipupa zogumukazo zinagwetsedwa, ngakhale anthu ambiri a mumzindawo ankafuna kuti zisungidwe monga umboni. Akristu ankafuna kupempheranso pamalo a makolo awo, ndipo tchalitchi chatsopano chinamangidwa pomwepo m'chaka cha 1959. Chigawo chimodzi cha chipupa chakale chinasamutsidwira pamalo pamene bomba linaphulikira. Kotero amene afuna kuona zimene nkhondo inachita kwa nyumba ya Mulungu ija, lero ayenera kudalira zithunzi. Titaziwotcha zonse chifukwa cha ulemu, tingakhale titatseka pakamwa pa mboni.

Tsono tili pakati pa zinthu ziwiri zoona. Ulemu kwa akufa ukuti tsitsani, ndipo udindo wa kukumbukira ukuti pachikani. Kodi Eklezia atithandiza bwanji pamenepa?

Chithunzi chili ndi mwini wake

Eklezia anakangana kale za zithunzi, ndipo mkanganowo unali woopsa. M'chaka cha 787 Aepiskopi anasonkhana mumzinda wa Nicaea kuti aweruze ngati nkoyenera kulemekeza zithunzi za Ambuye ndi za anthu oyera. Chimene anaphunzitsa nchakuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi sutsalira pathabwa kapena pa utoto, umapitirira nkukafika kwa mwini chithunzicho. Ichi nchifukwa chake Mkatolika akagwada patsogolo pa chifanizo cha Amayi Maria sakhala akupembedza mtengo. Koma ngati ulemu umapitirira chomwecho, ndiye kuti chipongwe nachonso chimapitirira, ndi mphwayi zomwe. Akuluakulu a ku Japan aja, ngakhale sanali Akristu, ankachidziwa bwino chimenechi, apo ayi sakanavutika kusonkhanitsa anthu chaka ndi chaka kuti aponde kachitsulo kosema. Ifenso timachidziwa popanda wotiphunzitsa. Ndani mwa ife angakulungire mandasi m'chithunzi cha malemu bambo ake, nkumati ndi pepala chabe? Choncho mawu akuti "ndi pepala ndi inki basi" sangaime. Chithunzi chili ndi mwini wake, ndipo zimene tichita nacho tichitira iyeyo.

Koma chiphunzitso chomwechi chikutiletsanso kunena kuti chithunzi cha chiwonongeko sichiyenera kukhala m'nyumba ya Mkristu. Abale anga, tayang'anani pakhoma lanu. Kodi chimene chapachikidwa pamwamba pa khomo, kapena pamutu pa bedi, nchiyani? Ndi mtanda, ndipo pamtandapo pali thupi la munthu wokwapulidwa, wokhomedwa misomali, wolasidwa m'nthiti. Ambuye mwini anayerekeza thupi lake ndi Nyumba ya Mulungu imene idzagwetsedwa nkumangidwanso. Tinganene tsono kuti Mkristu aliyense anapachika kale chithunzi cha bwinja m'nyumba mwake, ndipo amadya nsima pansi pake tsiku ndi tsiku popanda wom'dzudzula. Ambuye atauka kwa akufa sanabise mabala awo, koma anaitana Tomasi kuti awaone ndi kuwakhudza.

Kusiyana kuli pati nanga pakati pa mtanda wa m'nyumba mwathu ndi chithunzi cha ku Senga Bay chija? Kuli pakuti mtanda timaudziwa mwini wake. Timadziwa dzina lake, timadziwa chimene anafera, timadziwanso kuti machimo athu ali nawo mbali pa imfa imeneyo, ndipo tikauyang'ana umatipempha kanthu. Chithunzi chija chinachotsedwa dzina, chinachotsedwa mbiri, chinatsala maonekedwe okha. Cholakwa chake chinali chimenecho: anthu a ku Urakami anafafanizidwa kachiwiri, poyamba ndi moto, kenaka ndi kusasamala kwa munthu amene anakonda zipupa zawo koma sanafunse za iwo.

Pano tisafulumire kuloza chala mnzathu. Mtanda nawonso ungasanduke chokongoletsera. Alipo ambiri amene amauvala m'khosi chifukwa umawala bwino, ndipo zilipo nyumba zimene mtanda uli pakhoma pamene pansi pake mwamuna akumenya mkazi wake usiku uliwonse. Maso a munthu amazolowera msanga. Chimene chinatiliza tsiku loyamba, pakapita mwezi timachidutsa ngati kalendala yachaka chatha.

Kukongola konyenga

Tiyeneranso kuvomera kuti zithunzi za mabwinja a nkhondo zimaoneka bwino, ndipo pamenepa pagona msampha. Wojambula amasankha poima, amadikira kuti kuwala kugwe bwino, ndipo kawirikawiri amafika mitembo itachotsedwa kale. Chithunzi sichinunkha, sichibuula, sichipempha madzi. Chipupa chothyoka chikaima chokha pansi pa mitambo chimaoneka chaulemerero, mwakuti mnyamata wosadziwa angayese kuti nkhondo ndi chinthu chachikulu ndi chosiririka. Kukongola pakokha si tchimo, pakuti kumachokera kwa Mulungu, ndipo ndiko kumaimitsa munthu wodutsa kuti ayang'ane. Koma kukongola kotere kuyenera kukhala ngati ng'oma yoitanira anthu kumaliro. Amene amva ng'omayo nkuyamba kuvina, osafunsa kuti wamwalira ndani, walakwitsa zedi.

Malemu Papa Francis anatisonyeza njira yabwino. Kumapeto kwa chaka cha 2017 analamula kuti chithunzi china cha ku Nagasaki komweko chisindikizidwe pa timapepala tambiri togawira anthu. Chinajambulidwa m'chaka cha 1945 ndi Joe O'Donnell, msilikali wa ku America, ndipo chikuonetsa mnyamata wamng'ono ataima chilili, atabereka mng'ono wake wakufa kumsana, akudikira kuti mtembowo ukatenthedwe. Kuseri kwa kapepalako Papa analembetsa mawu ochepa onena kuti ichi ndicho chipatso cha nkhondo, nasainapo dzina lake. Pambuyo pake, pa 24 Novembala 2019, iye anakafika ku Nagasaki nakapemphera pamalo pamene bomba linaphulikira. Taonani tsono: Papa sanaope kuchulukitsa chithunzi chowawa, koma anasankha choonetsa nkhope ya munthu, anachipatsa mawu, ndipo sanachigulitse.

Chithunzi chosunga mangawa

Palinso ngozi ina yosiyana ndi mphwayi, ndipo chitsanzo chake chili kwathu konkuno. Pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anaukira ulamuliro wa atsamunda. M'masiku otsatira misioni ya Akatolika ku Nguludi inatenthedwa ndipo wansembe mmodzi anavulazidwa kwambiri. Asilikali a boma nawo anaphulitsa tchalitchi chanjerwa chimene Chilembwe ndi anthu ake anamanga ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ndipo iye mwini anaphedwa pa 3 Febuluwale. M'dera limodzi, m'masiku owerengeka, nyumba ziwiri zopemphereramo zinasanduka mabwinja. Tsono tayerekezani kuti banja lina lapachika chithunzi cha bwinja la ku Mbombwe, lina la ku Nguludi, ndipo lililonse likuuza ana ake kuti: "Onani zimene anatichita anthu aja." Zithunzi zotere zili ndi maina, zili ndi mbiri, koma ntchito yake nkusunga mangawa. Zili ngati chikuni chofukiza chosungidwa kuti chidzayatse moto wina.

Mkristu sakumbukira motero. Timakumbukira imfa ya Ambuye pa Misa iliyonse, koma sitikumbukira kuti tikalipsire. Pamtanda pomwepo Ambuye anapempherera owapha. Choonadi cha mbiri chiyenera kunenedwa chonse: amene anaponya bomba atchulidwe, amene anayambitsa nkhondo atchulidwe, nkhanza za thangata zimene zinawawitsa mitima ya anthu a Chilembwe zinenedwe poyera. Aepiskopi a dziko lonse, pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican m'chaka cha 1965, ananena mosabisa kuti kuwononga mizinda yathunthu pamodzi ndi anthu ake ndi mlandu wolakwira Mulungu ndi munthu yemwe. Kukhululuka sikufafaniza chiweruzo chimenecho. Koma chithunzi cha bwinja chikamatiphunzitsa kulira anthu a mbali yathu yokha, chatiphunzitsa theka la Chikristu. Akulu anati maliro nkulirana.

Mabwinja opanda zithunzi

Mwina wina angati zonsezi nza kutali, ife a ku Salima nkhondo sitiidziwa. Koma nyanja yomweyi imene timachapamo zovala ndi kuweza usipa inamva kulira kwa mizinga. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen inaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann padoko la Liuli, kutsidya kwa nyanja, ndipo mwezi wotsatira kunali nkhondo ku Karonga. Pa nkhondo imeneyo amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga, osenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles, koma amtengatenga ochuluka anagona m'tchire popanda mwala kapena chithunzi. Pa nkhondo yachiwiri anyamata athu anakamenya mpaka ku Burma. Lero lomwe asilikali a dziko lino amaphunzira ntchito yawo ku Salima konkuno, ndipo ena mwa iwo timagwada nawo pa benchi limodzi Lamulungu.

Achikulire akumbukiranso nkhondo ya ku Mozambique, imene inayamba m'chaka cha 1977 nkutha pa 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana pangano la mtendere ku Rome, mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira. Anthu opitirira 1,000,000 anathawira m'Malawi muno. Ambiri anali a chilankhulo chathu, ochokera ku Tete ndi ku Niassa, ndipo anadzaza midzi ya ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi. Aliyense wa iwo anasiya bwinja kumbuyo. Koma kodi munaonapo chithunzi cha mabwinja amenewo m'felemu? Nyumba ya dothi ndi udzu ikapsa sipatsala nsanja yoti munthu nkujambula. Patsala phulusa, ndipo mvula ikagwa kawiri pamera udzu. Nkhondo imasiyira olemera mabwinja ooneka, koma amphawi imawafafaniza ndi malo omwe. Nchifukwa chake chithunzi cha tchalitchi cha miyala, ngati tichipachika, chiyenera kuimirira ndi midzi imene ilibe chithunzi. Mwana akafunsa za Nagasaki, timuuzenso za agogo aja a m'mudzi mwathu amene anafika ndi mphasa yokha pamutu.

Ndipo tisaiwale mabwinja amene timapanga tokha popanda ndege kapena mzinga. Pamene gulu la anthu litentha nyumba ya nkhalamba poiganizira ufiti, pamene anyamata agumula nyumba ya mnzawo chifukwa cha chipani kapena malire a munda, phulusa lake silisiyana ndi la nkhondo, ndipo ana ogona panja usiku umenewo amalira chimodzimodzi. Munthu amene ali ndi chithunzi cha Urakami pabalaza, koma anaima chete kapena anatola nawo miyala tsiku limene nyumba ya mnansi wake inapsa, chithunzicho chidzam'tsutsa pa tsiku la chiweruzo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafunso atatu

Yankho langa kwa mnzanga uja, ndi kwa inu nonse, nlakuti chithunzi chotere nchololedwa kupachika, koma monga mboni, ndipo mboni imafuna kumvedwa. Musanachipachike, kapena ngati chilipo kale, dzifunseni mafunso atatu awa.

Loyamba: kodi eni ake ndikuwadziwa? Mwana wanga akandifunsa kuti kumeneku nkuti, kunachitika chiyani, anafa ndani, kodi ndingathe kumuyankha? Ngati simungathe, fufuzani, ndipo mukadziwa lembani pansi pa chithunzicho dzina la malo ndi chaka, ngakhale pa kapepala chabe. Bwinja lopanda dzina pakhoma ndi manda ofafanizidwa.

Lachiwiri: kodi ndachiika pamalo otani? Chinthu chimodzi chomwecho chimasintha tanthauzo ndi malo ake. M'kalasi, m'chipinda chophunzitsira katekisimu, pafupi ndi mtanda pamene banja limapemphera madzulo, chithunzi chotere chili kwawo. Pamalo omwera mowa, kapena pamene chaikidwa kuti chikope ogula, chili ngati mlendo wolira amene wakhazikidwa pakati pa ovina. Wosindikiza zithunzi ndi wopanga mafelemu ayenera kulandira malipiro a ntchito yawo, palibe cholakwa pamenepo. Chimene sichiyenera nkugulitsa chisoni cha eni monga mtundu wa utoto.

Lachitatu, limene lili lalikulu: kodi chithunzichi chimandichititsa chiyani? Ngati chimandikumbutsa kupempherera akufa a mbali zonse, kuchereza wothawa kwawo, kuyanjanitsa abale okangana, kuletsa ana anga kulowa m'gulu lotentha nyumba, ndiye kuti chikugwira ntchito yake. Ngati chimandiutsira chidani, kapena ngati ndinaleka kuchiona, ndi bwino ndichitsitse, ndichisunge mwaulemu, kapena ndichipereke kusukulu kumene chidzaphunzitse ana.

Makatekisiti anzanga, inu mumalowa m'nyumba zambiri kuposa ansembe, ndipo mumaona zimene zili pamakoma a Akristu. Musakalipire munthu chifukwa cha chithunzi, pakuti ambiri amalakwa chifukwa chosadziwa, monga mnyamata uja anatiyankha mwaulemu. Chitani monga anachitira mnzanga wachikulire uja. Tisanatuluke anamuitananso mnyamatayo, nandipempha kuti ndimufotokozere za Akristu a ku Urakami, za zaka 250 zopanda wansembe, za anthu amene anafa akudikira kulapa. Mnyamatayo anamvetsera mbale zili m'manja. Kenaka mkuluyo anang'amba tsamba m'kabuku kake, nalembapo dzina la tchalitchi ndi tsiku lija la 9 Ogasiti 1945, nam'patsa nati: "Mwana wanga, ukawapatse abwana ako, ukawauze kuti nkhalamba ina yapempha kuti mawu awa akhale pansi pa chithunzicho. Ndipo mlendo akadzakufunsa, usadzanenenso kuti sudziwa."

Pa 9 Ogasiti chaka chilichonse, pamene tikonzekera chaka cha Amayi Maria monga ankachitira iwo, ndiponso m'mwezi wa Novembala pamene tikumbukira akufa, tiyeni tiwatchule m'mapemphero a m'mabanja ndi a m'miphakati yathu Akristu a ku Urakami, pamodzi ndi amtengatenga athu, ndi anthu a ku Tete ndi Niassa amene midzi yawo inamera udzu. Mulungu awapatse mpumulo wosatha, ndipo ife atipatse mtima wosunga mtendere, pakuti makolo athu ananena zoona kuti nkhondo siimanga mudzi.